Mota ya Telala Sinalakwe

Telala uja amene chiyambireni kusoka sanadulepo nsalu molakwika, kungoti makasitomala ake ndiwo amabadwa ndi matupi olakwika, anamangirira mota yamagetsi pa njinga yake yakale, ndipo kuyambira tsiku limenelo tcheni chinakana kukhala pamalo pake. Ndiye masana ena anaimika njingayo chadodolido pakhonde, naitanitsa mlamu wake, mmisiri womanga nyumba, munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pano" umakam'peza mawa lake ali pomwepo.

"Alamu, nkhani ndi yaifupi," anatero Telala, tepi ili m'khosi. "Alongo anu anena kuti tcheni ichi chikagwanso mawa popita nawo ku ntchito, basi, azikwera galimoto ya aneba."

Mmisiri anasuzumira pamwamba pa mpanda. Anebawo, bambo osakwatira onunkhira sopo tsiku lonse, anali kupukuta galimoto yawo uku akuimba mluzu.

"Galimoto yake ndi yabwino," anatero Mmisiri.

"Sindinakuitanireni kudzayamikira galimoto."

"Mipando yofewa. Ndinakwerapo."

"Alamu."

"Ndi wailesi momwemo."

"Alamu, tamverani. Dzulo pa chitunda chopita ku chipatala, mota ikukoka bwinobwino, alongo anu ali phee pa kaliyala, tcheni gwe. Ndabwezera, tayenda pang'ono, gwe. Potsika anakhudza gilisi ndi yunifolomu yoyera ija. Ndiye munthu uyu anaima, anatsitsa galasi, n'kuwapatsa kansalu kopukutira. Kansalu kosita, alamu. Ndani amasita kansalu kopukutira?"

"Munthu waukhondo."

"Munthu wa zolinga."

Mmisiri anatula thumba lake la zida, natulutsa chingwe choyezera khoma. "Ife pa nyumba timayamba ndi ngodya imodzi. Mwini wake akandiuza kuti iyi ndiyo yowongoka, zina zonse ndimaziyeza kuchokera pamenepo. Pa njinga iyi chowongoka ndi chiti?"

"Mota."

"Mwatsimikiza?"

"Ndinaimanga ndekha ndi manja awa."

"Chabwino. Mota ili bwino."

Anagunditsa chingwe pa kagudumu ka mano ka pa mota, nachikoka mpaka ku tayala lakumbuyo, kumene kuli fuliwilo, kagudumu kena ka mano komwe tcheni chimazungulira. Anatsinzina diso limodzi.

"Chingwe chadutsa kunja kwa fuliwilo. Zala ziwiri."

"Chingwe chanucho n'chopindika."

"Chingwe chikakokedwa sichipindika, alamu."

"Ndiye zala zanu n'zonenepa."

Mmisiri anayang'ana zala zake mwachifundo, nayezanso ndi zazing'ono. "Mwanena zoona. Ndi zowondazi zikukwana zitatu."

Apa Telala anayang'anitsitsa mota. Anakumbukira mphete ziwiri zachitsulo zimene zinabwera m'bokosi limodzi ndi mota. Tsiku lomanga lija sanadziwe kuti zipita mbali iti, ndiye anaziika zonse mbali ya tcheni, chifukwa zinkaoneka bwino zikakhala pamodzi, ngati mabatani. Mphete ziwiri, zala ziwiri. Koma kuseri kwa mpanda mluzu unali kulira, ndipo Telala sanali munthu wovomera kulakwa pali mluzu.

"Vuto ndi tayala lakumbuyo," anatero. "Linabadwa chomwecho."

"Ngati mwendo wanga."

"Mwendo wanu wati?"

Mmisiri anatambasula miyendo. Thalauza lake linkafika pa nsapato kumanja, koma kumanzere linkathera pamwamba pa kakolo, sokosi yonse ili pamtunda. "Wakumanzerewu. Munandiuza nokha pondisokera thalauzali kuti ndi wautali. Chiyambireni ndimaupinda pang'ono ndikaima, kuti anthu asadziwe."

"Eya. Ngati mwendo wanu. Sunthani tayala."

Mmisiri anamasula manati, nalowetsa mawashala mbali imodzi mpaka tayala linasunthira ku chingwe. Atalizungulitsa, linalira khwee, khwee, n'kuima.

"Likukhula felemu."

"Ndiye felemu yalowerera."

"Mota?"

"Mota ili bwino."

"Chabwino. Ndipatseni thabwa."

"Thabwa la chiyani?"

"Felemu yalowerera. Ndiitulutse."

Telala anam'patsa thabwa. Njinga imeneyo inamunyamula kuyambira asanakwatire, ndipo ndi yomweyo anakafunsirira nayo alongo ake a munthu amene tsopano anali kulowetsa thabwa m'nthiti mwake. Mmisiri anaponda mbali imodzi, nakanikiza thabwa ndi thupi lonse. Chitsulo chinabuula. Utoto unathetheka n'kugwera pansi ngati mamba a nsomba.

"Yamva," anatero Mmisiri.

"Inenso ndamva."

"Pati?"

"Pitirizani, alamu."

Tayala linazungulira popanda phokoso. Mmisiri anafinya buleki. Tayala linangopitiriza ulendo wake.

"Buleki ikugwira mphepo. Tayala lasamuka, iyo yatsala pa malo akale."

"Buleki imeneyo ndinkaikayikira kale. Ndi yaulesi."

"Ndiisamutse?"

"Isamutseni."

Anaimenya ndi hamala mpaka inatsatira tayala. Kenaka matigadi nayo inayamba kukhula, ndipo Telala anati matigadi za masiku ano n'zachabechabe, ndiye inapindidwa. Kenaka kaliyala anapezeka kuti wakhala pambali pa tayala, ndipo Telala anati kaliyala ameneyo sanamukondepo, ndiye naye analawa hamala. Mmisiri ankagwira ntchito mwaulemu. Asanamenye chilichonse ankayamba wafunsa kuti, "Mota?" ndipo akamva kuti ili bwino, ankagwedeza mutu n'kumenya.

Anaitembenuza njinga kuti iime ndi matayala. Inaima ngati munthu amene akumvetsera zokamba za chipinda china.

"Kwerani tione," anatero Mmisiri.

Telala anakwera, nadina batani. Mota inang'ung'uza, njinga inachoka pakhonde n'kuyamba kuyenda pabwalo. Tcheni chinazungulira. Chinazunguliranso. Sichinagwe.

"Mwaona?" anatero Telala, chifuwa chili patsogolo. "Ndinati chiyani ine? Alamu, mwaona?"

"Ndaona. Mukupita kuti?"

"Ku geti."

"Geti lili uko. Inu mukupita kwa aneba."

Zinali zoona. Maso a Telala anali pa geti, koma njinga inkayenda chammbali ngati nkhanu, molunjika ku mpanda. Anafinya buleki yosamutsidwa ija, nayima mphuno itatsala pang'ono kugunda thabwa la mpanda. Kuseri kwake mluzu unaleka. Aneba anakweza nsalu yawo yopukutira, namupatsa moni ndi mutu. Telala anabwezera moniyo ngati munthu amene wabwera dala kudzaona mpanda, natembenuza njinga ndi miyendo.

Mmisiri anali atagwada pa fumbi. "Njinga imasiya mzere umodzi. Yanuyi yasiya iwiri. Tayala lakutsogolo likuyenda njira yake, lakumbuyo yake."

"Ngati banja."

"Banja la ndani?"

"Palibe. Mahandulo ndiwo akhota."

"Mota?"

"Mwandifunsa kale."

Mmisiri anapana tayala lakutsogolo ndi mawondo, napotoza mahandulo mpaka anagwirizana ndi chingwe. Kenaka anayeza chishalo. Nacho chinali kunja kwa chingwe, ndiye anachipotoza.

"Tsopano khalani."

Telala anakhala. Mapazi anali pa mapedulo, manja pa mahandulo, koma mchombo unkayang'ana ku khitchini.

"Msana wanu uli kunja kwa chingwe," anatero Mmisiri.

"Msana wanga uli bwino."

"Aa, ndiye tili ndi zowongoka ziwiri zosagwirizana. Pa nyumba sizitheka. Sankhani chimodzi, mota kapena msana."

Telala anaganiza. Kuseri kwa mpanda mluzu unayambiranso, nyimbo yake yachikondi.

"Mota."

"Ndiye pindani msana. Phewa ili litsike. Ayi, linalo. Thako limodzi likhale panja. Eya, chomwecho. Mukumva bwanji?"

"Bwino kwambiri," anatero Telala, mawu akutulukira m'mano. "Ndi mmene ndimakhalira ndikakhala ndekha."

"Yesani geti."

Anayesa. Tayala lakutsogolo linatuluka bwinobwino, koma lakumbuyo linali ndi maganizo ena, ndipo kaliyala anakola chipilala cha geti. Telala anatsika mosakonzekera, nakhala pansi pa maluwa a akazi ake. Podzuka, anapeza mlamu wake akufukula m'thumba. Mmisiri anatulutsa tchizulo ndi hamala yaikulu yogumulira.

"Alamu, zimenezo n'zachiyani?"

"Chipilala chili kunja kwa chingwe."

"Chipilalachi munamanga ndinu."

"Ee, koma nthawi imeneyo mota kunalibe. Ndinayezera nyumba. Tsopano ndaona kuti nyumbayo nayo," anatsinzina diso, nayang'ana khoma kuchokera pa mota, "koma tiyambe ndi geti."

"Nyumba ndi ya lendi."

"Landilodi ndimufotokozera. Ndimuonetsa chingwe."

"Nanga msewu? Popita ku chipatala msewu umakhotera kumanzere, njingayi ikufuna kumanja. Muwongolanso msewu?"

Telala ananena zimenezo monyoza, koma Mmisiri anaika hamala pansi n'kuyamba kuganiza mozama.

"Msewu ndi wa boma," anatero potsiriza. "Koma ndili ndi mnzanga wa wilibala."

"Siyani msewu. Siyani geti. Ndizitulutsa njinga chonyamula."

"Chabwino. Kwatsala chimodzi."

"Chiti?"

"Mlongo wanga."

Mmisiri anakoka chingwe kuchokera pa mota mpaka pamwamba pa kaliyala, nayeza m'malere pamene munthu amakhala. "Iye amakhala mowongoka, miyendo mbali imodzi, chikwama pamiyendo. Akakhala chomwecho pa kaliyala uyu aterereka pa bampu yoyamba. Ayenera kupendama. Zala zinayi, mwina zisanu."

"Ndiwauza agwiritse."

"Kugwiritsa sikuwongola munthu. Ali kunja kwa chingwe. Koma musavutike, ndimuuza ndine akaweruka. Ndinena kuti alamu ayeza, apeza kuti mota ili bwino, wopindika ndiwe."

Telala anakumbukira zakale. Kamodzi kokha pa moyo wake anauzapo akazi ake kuti dzanja lawo lamanja ndi lalitali, tsiku limene anawasokera yunifolomu ya mkono umodzi waufupi. Zotsatira zake anagona ku shopu, pamwamba pa mulu wa nsalu za makasitomala, mpaka msana unaphunzira maluwa a nsalu iliyonse.

"Simunena zimenezo."

"Bwanji? Ndi zoona. Mwanena nokha."

"Sindinanene kuti alongo anu ndi opindika."

"Mwanena kuti mota ili bwino. Zinazo chanena ndi chingwe."

"Alamu, khalani pansi. Tikambe ngati anthu aakulu." Telala anatsitsa mawu, diso lili ku mpanda. "Tiyerekeze, kungoyerekeza chabe, kuti mota ili bwino ndithu, koma yakhala malo oyandikana ndi malo ake."

"Ndiye ili bwino kapena siili bwino?"

"Ili bwino mwa iyo yokha."

"Ndiye mlongo wanga ndi wopindika."

"Iyayi. Ndikuti pali mphete ziwiri zimene zinalowa mbali ina mwa kufuna kwawo."

"Zinalowa zokha?"

"Zinathandizidwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi munthu."

"Munthuyo analakwitsa?"

Telala anayang'ana kumwamba. Anayang'ana maluwa amene anawakhalira. Anayang'ana dzuwa, lomwe linali litapendeka kale kulowera nthawi yoweruka ku chipatala. Kenaka anayandikira khutu la mlamu wake, nanong'ona kanthu.

"Sindinamve," anatero Mmisiri.

"Ndati mota siili bwino."

"Oo. Ee, siili bwino. Yatulukira kunja zala ziwiri. Ndinaona nditangolowa pa geti."



"Munaona?"

"Ngakhale wakhungu akanaona, atangopapasa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinakufunsani. Munati ili bwino."

"Ndiye mwapinda felemu, mwamenya buleki, mwandikhazika thako limodzi, mukudziwa?"

"Njinga ndi yanu, alamu. Ine ndine mlendo." Mmisiri anayang'ana pansi, pa sokosi yake ya pamtunda ija, ndipo nkhope yake inayamba kuwala pang'onopang'ono. "Kodi ndiye mwendo wangawu..."

"Mwendo wanu ndi wautali ndithu. Tisasakanize nkhani. Masulani mota."

Ntchito yake inali yochepa mochititsa manyazi. Sipanala inatembenuka kangapo, mota inatuluka, mphete ziwiri zija zinagwera m'dzanja la Mmisiri, mota inabwerera n'kukhala pafupi ndi felemu, pamalo pamene inayenera kukhala kuyambira tsiku loyamba.

"Izi ndiziike pati?"

"Zitayeni kutali. Ndisadzazionenso."

Mmisiri anabweza dzanja kumbuyo, naziponya ndi mphamvu ya munthu wozolowera kuponyera anzake njerwa pamwamba. Zinadutsa mpanda, zinalira ngwe, ngwe pa simenti, n'kukagona pansi pa galimoto ya aneba.

Telala sanasamale. Mtima wake unali utapepuka ngati wa munthu amene wasanza. Anakwera njinga, nadina batani. Mota inang'ung'uza, tcheni chinazungulira theka, n'kugwa. Ulendo uno chinagwera mbali inayo.

Anatsika. Anachibwezera. Anadina. Gwe.

"Alamu, ichi n'chiyaninso?"

Mmisiri anakoka chingwe, natsinzina diso. "Zala ziwiri. Koma tsopano mkati. Tayala lija tinalisamutsira kumene kunali mota. Mota yachokako."

"Bwezani tayala."

"Felemu tinaipinda."

"Iwongoleni."

"Chitsulo chotere chimalola kamodzi. Kachiwiri chimathyoka. Onani, chayamba kale kumwetulira apa." Analoza kamng'alu pamene panathetheka utoto.

"Ndiye bwezerani mphete zija. Mota ibwerere kumene inali."

"Munati ndizitaye."

"Katoleni."

"Munati musadzazionenso." Mmisiri anasuzumira pa mpanda. "Komanso aneba azitola. Akuzipukuta. Mukawapemphe, ndi munthu wabwino."

Telala anaganiza za iye mwini ataima pa khomo la munthu uja, chipewa m'manja, akupempha mphete kuti akazi ake asakwere galimoto ya munthu yemweyo. Anaganizanso za akazi ake pa mpando wofewa, galasi litatsekedwa, wailesi ikuimba, iye akutsalira kumbuyo mu fumbi ndi nkhanu yake yamagetsi. Anakhala pa sitepe ya khonde, navula tepi m'khosi, naikulunga pa chala, naimasulanso.

"Alamu," anatero patapita kanthawi. "Alongo anu ndi munthu wosunga mawu ake?"

"Kwambiri. Tonse kwathu tili chomwecho. Chimene wanena, n'chomwecho."

"Sawonjezera, sachotsera?"

"Ngakhale kadontho."

"Anati tcheni chikagwanso mawa."

"Ndi mmene mwandiuzira."

"Sanati njinga ikachedwa. Sanati ikayenda chammbali."

"Sanatero."

Telala anadzuka. Anatenga pulayala m'thumba la mlamu wake, namasula kachitsulo kolumikizira tcheni. Tcheni chonse chinasololoka n'kukhala m'dzanja lake. Anachikulunga bwinobwino m'kachidutswa ka nsalu, nachiika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Chigwe tione," anatero.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, Mmisiri ndiye anaoneka wosokonezeka. "Koma popanda tcheni njinga siyenda."

"Iyenda. Iwo akhala pa kaliyala, ine ndizikankha."

"Chitunda chonse chija?"

"Chonse."

"Chammbali?"

"Ndikankha chammbali. Msana mwaupinda kale."

"Mlongo wanga aterereka."

"Ndiwasokera kapilo kokwera mbali imodzi. Zosoka zokwera mbali imodzi sizinandivutepo."

Mmisiri anakanda mutu ndi tchizulo. Ku mapeto kwa msewu kunaoneka yunifolomu yoyera ya mkono umodzi waufupi ikubwera pang'onopang'ono, ndipo kuseri kwa mpanda mluzu unakwera. Mmisiri anatola sipanala, nagwada pafupi ndi njinga.

"Ndiye bola tichotse mota ndi batire lomwe. Zikungokulemetsani pokankha."

Telala anam'gwira dzanja.

"Mota musaikhudze, alamu. Pa njinga yonseyi chowongoka ndi chokhacho."